Funsani Amakaniko: Coupe kapena convertible pa chisanu cha ku Dedza ndi Ntcheu?

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kumtunda, ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo onse akuzungulira pa tigalimoto ta zitseko ziwiri timene tikuoneka totsika mtengo kwa oitanitsa galimoto zakale ku Japan. Coupe ndi ija ya denga lachitsulo losachoka. Convertible denga lake limapindika n'kukalowa kumbuyo kwa mipando, kaya ndi lansalu kaya ndi lachitsulo. Akuyankha ndi amakaniko ndi okonza magetsi a galimoto amene timathandizana nawo patsamba lino.

Funso: Ndimagwira ntchito pa Dedza boma ndipo kawirikawiri ndimapita ku Lilongwe m'mamawa. Ndalama zimene ndasunga n'zokwanira galimoto imodzi basi. Mtima wanga uli pa Mazda Roadster ya denga lansalu, koma anzanga akuti ndidzauma ndi chisanu, bola coupe ya Toyota 86. Kodi akunena zoona?
*Mnyamata wa pa Dedza boma*

Yankho: Achimwene, anzanuwo akulozerani galimoto yoyenera, koma chifukwa chimene apereka sicholondola.

Tiyambe ndi chisanucho. Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu Juni ndi Julayi usiku kumatsika pansi pa madigiri 10. Masiku ena m'madambo udzu umacha utayera. Kwa munthu wodikira minibasi m'mbali mwa msewu 5 koloko m'mawa, kumeneko ndi kuzizira kopweteka, koma kwa galimoto si kanthu. Roadster anaipangira anthu a ku Japan, ku Ulaya ndi ku America, amene amaiyendetsa madzi ataundana panja. Hita yake imatenga kutentha ku madzi a mu injini, ndipo popeza mkati mwake ndi mothina, mwa anthu awiri okha, mumafunda msanga kuposa mu saluni. Mukanyamuka pa boma, musanafike ku Linthipe mudzakhala mutavula jekete. Kusiyana kumaoneka mukazimitsa injini: nsalu imataya kutentha msanga, ndiye mukaima theka la ola mupeza mwazizira kale. China ndi phokoso la mphepo, limene limakula mukapyola liwiro la 80, makamaka pa denga la pulasitiki lopanda nsalu ya mkati.

Zimene zimathetsa denga lansalu kwathu kuno ndi mame, fumbi ndi dzuwa, ndipo zitatuzi zimagwira ntchito mosinthana tsiku limodzi lomwelo. Nyengo yathu yozizira ndi yomwenso ili ya fumbi. Masana fumbi limakhazikika m'misoko ya denga ndi pa mphira zotsekera m'mbali mwa magalasi. Usiku mame ndi nkhungu zimalinyowetsa n'kukhala phala. Kukacha dzuwa la kumtunda, limene ndi laukali ngakhale mphepo ikuzizira, limaumitsa phalalo, ndipo galimoto ikamagwedezeka limadya ulusi ndi mphira ngati sandipepa. Galimoto yogona panja usiku uliwonse imayamba kudontha pa ngodya pamene denga limakumana ndi galasi lakutsogolo ndi la chitseko. Ikafika Novembala, matalala ndi mvula yamkuntho zimamalizitsa. Coupe zonsezi imangozitsuka ndi ndowa ya madzi.

Ndiye pali msewu. Denga lachitsulo limalimbitsa thupi lonse la galimoto. Opanga akalichotsa amawonjezera zitsulo m'munsi mwa zitseko, pansi, ndi m'mbali mwa galasi lakutsogolo, moti BMW 3 Series convertible imene inatuluka mu 2007 imalemera makilogalamu pafupifupi 200 kuposa coupe yake. Roadster ili bwinoko chifukwa kuyambira 1989 anaijambula kuti ikhale yopanda denga, n'chifukwa chake ndi yopepuka, pafupifupi tani imodzi kapena kupyola pang'ono. Komabe pa timabampu ta misewu yafumbi yolowera kumidzi thupi lake limapotoka pang'ono, zokowera denga zimayamba kulira, ndipo pakapita nthawi denga silikhalanso pamzere wake.

Pa maenje ndi mahampu galimoto ziwirizi n'zofanana, zonse n'zafupi. Kuchokera pansi kufika pamimba pake ndi masentimita 13 kapena 14 okha. Hampu muzikwera mopingasa, tayala limodzi kenako linzake, pa giya yoyamba. Galimoto ikafika m'manja mwanu muikitse chitsulo choteteza sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini, ndipo ngati mwini wake wa ku Japan anaitsitsa ndi masipiring'i afupi, bwezeretsani masipiring'i ake a kufakitale musanayende ulendo wautali.

Kumbukiraninso kuti injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 1 peresenti pa mamita 100 aliwonse amene mwakwera, chifukwa mpweya umapepuka. Pa Dedza ndiye kuti pafupifupi 15 peresenti yapita. Roadster ya denga lansalu ya kuyambira 2015 ku Japan imabwera ndi injini ya malita 1.5, pamene ya 2005 mpaka 2015 ndi ya 2.0, monganso Toyota 86 imene inayamba mu 2012. Popitirira thiraki pa chitunda mudzamva kusiyanako. Mbali inayi, msonkho wa MRA umakwera ndi kukula kwa injini komanso zaka za galimoto, choncho wothandiza kuombola galimoto akuwerengereni zonse ziwiri musanatumize ndalama.

Za katundu n'zachidule. Buti ya Roadster ndi malita 130 mpaka 150 malinga ndi chaka, thumba la kachewere la pa Lizulu silingalowe, ndipo za kuyambira 2005 zilibe tayala lasipeya, zimangobwera ndi kabotolo komatira ndi kapampu. Tayala likang'ambika m'mbali pa dzenje, kabotoloko sikathandiza. Toyota 86 ili ndi timipando tiwiri kumbuyo, toyenera ana, timene timagona pansi n'kupereka malo. Za akuba sitingatalikitse: denga lansalu limatsegulidwa ndi mpeni.

Popeza galimoto ndi imodzi yokha, yoyendera kuntchito, ndipo simunatchule kuti muli ndi galaja, tengani coupe. Roadster timaivomereza kwa munthu amene ali ndi pogoneka pofolera komanso galimoto ina ya masiku a mvula ndi a kumudzi. Akatero asankhe ya denga lopinda ndi manja ndi galasi lenileni kumbuyo, limene Mazda inayamba kuika mu 1998.

Funso: Ine ndaona Mercedes SLK ya 2006 pamalo ena ogulitsira galimoto. Denga lake ndi lachitsulo koma limapindika lokha ndi batani. Ndikuganiza kuti apa ndapeza zonse ziwiri, kufunda kwa coupe ndi mphepo ya convertible. Vuto lake lili pati?
*Mayi wabizinesi, Ntcheu boma*

Yankho: Mayi, denga likatsekeka mwapezadi zonse ziwiri. Mkati mumafunda ndiponso muli phee, mpeni sudula, ndipo SLK za kuyambira 2004 zina zili ndi Airscarf, kahita ka pampando kamene kamauzira mpweya wofunda m'khosi. Vuto lili pa zimene zimapinda dengalo.

Mukadina batani lija pamagwira ntchito pampu ya hayidiroliki, mapaipi opyapyala, masilinda angapo okankha ndi kukoka, zokowera, timaswitchi touza kompyuta pamene chigawo chilichonse chafika, ndi mphira zambirimbiri pamalo onse olumikizira. Galimoto ya 2006 yatsala pang'ono kukwana kapena yapyola zaka 20, ndipo mphira za mkati mwa masilinda pa msinkhu umenewo zimakhala zitauma. M'mawa wozizira zimauma kwambiri, mafuta amadutsa, denga limayenda mwaulesi kapena kuima pakati. Kaswitchi kamodzi kakadzaza fumbi, kompyuta imaganiza kuti buti sinatsekeke ndipo imakana kupitiriza. Batire likafooka zimachitikanso chimodzimodzi, chifukwa pampu imakoka magetsi ambiri, ndipo batire limafooka kwambiri m'nyengo yozizira yomweyi. Denga loima pakati simungayende nalo. Makaniko amene ali ndi makina owerengera kompyuta ya denga mungamupeze ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo masipeya ambiri ndi oitanitsa kunja.

Si za Mercedes zokha. Volkswagen Eos, ya 2006 mpaka 2015, ili ndi denga la zigawo zisanu ndipo imadziwika ndi kudontha mphira zake zikapanda kupakidwa mafuta ake apadera. Peugeot 206 CC ndi BMW ija ya 2007 zili m'gulu lomweli. Imene ili yosavutako ndi Mazda Roadster RHT ya kuyambira 2006: denga lake limayendera timamota ta magetsi, lilibe hayidiroliki, limapindika m'masekondi 12 ndipo silidya malo a buti.

Ngati mtima wakana kubwerera, popeza galimotoyo ili kale m'dziko muno, iyeseni motere musanapereke ngakhale kwacha imodzi. Pitani m'mawa, isanaothe dzuwa. Iime pamalo athyathyathya, injini ikulira, chotchinga katundu cha mu buti chitakokedwa, chifukwa popanda chimenecho denga siliyenda. Tsegulani ndi kutseka katatu motsatizana mukuyang'ana wotchi. SLK yabwino imatha m'masekondi osapyola 25, ndipo ulendo wachitatu usachedwe kuposa woyamba. Mbali zonse ziwiri ziyendere limodzi. Kenako gwirani nsalu ya kudenga pamwamba pa galasi lakutsogolo ndi makapeti a m'mbali mwa buti: pakakhala ponyowa ndi mafuta, silinda ikudontha. Tsekani denga, munthu mmodzi akhale mkati, wina athire madzi ndi paipi kuchokera pamwamba kwa mphindi 10, madzi ongoyenda okha, osati a makina a mphamvu. Mukatha nyamulani kapeti ya pansi pa buti, muone ngati mwaima madzi kapena muli dzimbiri lakale. Pomaliza funsani buku la galimotoyo ndi kasipanala kotsekera denga ndi manja likakanirira. Wogulitsa akati batani laphwanyika pang'ono chabe, n'kafyuzi basi, muuzeni akonze kaye ndipo mudzabwerenso.

Mukagula, denga muziliyendetsa kamodzi pa mwezi ngakhale m'nyengo yozizira kuti mphira za m'masilinda zinyowe, nthawi zonse injini ikulira. Mu thanki ya pampu musalole wina kuthiramo mafuta a mabuleki kapena a giyabokosi. Imafuna mafuta ake a hayidiroliki amene alembedwa m'buku.

Funso: Coupe yanga ndinagula kwa munthu wa ku Salima. Kuno ku Bembeke hita imangotulutsa mpweya wozizira, magalasi amachita nthunzi mpaka ndimayendetsa ndikupukuta ndi kansalu. Kodi ndi mmene zimakhalira galimoto zazing'onozi?
*Mphunzitsi, Bembeke*

Yankho: Ayi aphunzitsi, galimotoyo yadwala, ndipo mwina si matenda odula. Tikukayikira thermostat. Kumadera otentha a kunyanja amakaniko ambiri amaichotsa poganiza kuti akuteteza injini kuti isawire. Ntchito yake ndi kutsekera madzi mu injini mpaka atafika madigiri 82 mpaka 88, malinga ndi mtundu, kenako n'kuwatsegulira njira ya ku rediyeta. Ikachotsedwa madzi amazungulira mu rediyeta kuyambira pomwe mwaliza, ndipo m'mawa wa ku Bembeke, makamaka potsetsereka, injini sifika pa kutentha kwake. Hita imasowa chotenga, mafuta amapita ambiri chifukwa kompyuta imaganiza kuti injini ikadali yozizira, ndipo injiniyo imatha msanga.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Lizani injini itazizira, gwirani paipi yaikulu imene imachoka pa thermostat kupita ku rediyeta, manja kutali ndi fani ndi lamba. Iyenera kukhala yozizira kwa mphindi zingapo kenako n'kutentha mwadzidzidzi. Ikamafunda pang'onopang'ono kuyambira pachiyambi, thermostat kulibe kapena yakanirira chotsegula.

Ngati imeneyo ili bwino, pitani pa mapaipi awiri ang'onoang'ono amene amalowa pa khoma lolekanitsa injini ndi mokhala anthu. Amenewo amapita ku karediyeta ka hita kuseri kwa dashibodi. Injini itatentha ndipo hita itatsegulidwa, onse awiri atenthe. Imodzi ikatentha inzake n'kuzizira, karediyetako katsekeka ndi dzimbiri kapena mwalowa mpweya. Makaniko akatsuke polowetsa madzi chobwerera kenako atulutse mpweya. Onse akatentha koma mkati mukuzizirabe, chavuta ndi kachitseko kosakaniza mpweya kapena kamota kake. Mukapeza kuti mapaipi awiriwo analumikizidwa okhaokha osalowa pakhoma, ndiye kuti karediyeta kanadontha ndipo wina anangokalambalala. Kusintha kwake pa galimoto zambiri kumafuna kuchotsa dashibodi yonse, ntchito ya tsiku lathunthu. Chizindikiro chakuti kakudontha panopa ndi fungo lotsekemera mkati ndi nthunzi yamafutamafuta pagalasi.

Dzimbiri lonseli limabwera ndi madzi a pampopi. Thirani coolant, mankhwala a mu rediyeta, gawo limodzi pa magawo atatu mpaka theka, osakaniza ndi madzi oyera aja owonjezera mu batire (distilled water), osati asidi. Kuno sitithira poopa kuundana kwenikweni, koma pofuna kuteteza dzimbiri ndi kuwira. Pa msinkhu wa Dedza madzi amawira pa madigiri pafupifupi 95 osati 100, ndiye chotsekera rediyeta chimene mphira yake yatha chimakuwiritsirani injini pokwera Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti. Musachitsegule injini ikutentha.

Za nthunzi: yatsani eyakoni pamodzi ndi hita, mpweya uloze pagalasi lakutsogolo, fani ikhale pamwamba. Anthu ambiri amadabwa, koma eyakoni ndiyo imaumitsa mpweya, hita n'kuufunditsa. Batani lozungulitsa mpweya wa mkati, lija la chithunzi cha galimoto ndi muvi wokhota, likhale lozimitsa, apo ayi mukungobwezera mpweya wanu womwe pagalasi. Sinthani sefa ya mpweya wa mkati, imene nthawi zambiri ili kuseri kwa kabokosi ka kutsogolo kwa pasenjala. Pa fumbi lathu kamodzi pa chaka n'kofunika. Galasi lakuda mkati limagwira nthunzi msanga, ndiye kansalu kanuko kakuwonjezera vuto. Mu nkhungu yendani ndi dimu, fulu imangobwerera m'maso mwanu. Ndipo chonde musamatenthetse injini m'galaja yotseka, utsi wake umapha osanunkha. Theka la miniti likwanira, kenako nyamukani pang'onopang'ono.

Funso: Roadster yanga ya denga lansalu ikununkha chinyezi, kapeti ya kuseri kwa mipando imakhala yonyowa ngakhale denga silinang'ambike. Galasi la pulasitiki lakumbuyo lachita chikasu ndipo layamba kusweka. Ndichite chiyani?
*Wowerenga wa ku Mlangeni*

Yankho: Bambo, madziwo sakudutsa pansalu. Madzi otsika padenga amagwera m'kangalande kozungulira kumbuyo, n'kutsikira m'timipaipi tiwiri, kumanzere ndi kumanja kuseri kwa mipando, mpaka pansi pa galimoto. Fumbi, masamba ndi singano za paini zikatseka timipaipito, madzi amasefukira pa kapeti kapena kulowa m'zitsulo za m'munsi mwa zitseko, n'kuyamba kuzidya kuchokera mkati. Tsegulani denga theka, pezani pakamwa pa kapaipi, chotsani zinyalala ndi zala, ndiye lowetsani chingwe chofewa cha pulasitiki, monga chija cha makina otchetchera udzu, pang'onopang'ono mpaka chitulukire pansi. Waya wolimba ayi, amaboola kapaipi kapena kuzula kachitseko kamene kamakhala mkati mwa mitundu ina. Thirani lita imodzi ya madzi mbali iliyonse: atuluke pansi, kutsogolo kwa tayala lakumbuyo, nthawi yomweyo. Muzichita zimenezi mvula isanayambe komanso ikatha. Kapeti muinyamule, chifukwa thonje la pansi pake limasunga madzi milungu ingapo ngakhale pamwamba pauma.

Galasi la pulasitiki likayamba kusweka latha, osoka mipando ya galimoto angakusokereni lina. Chikasu ndi dzuwa, kusweka ndi kupinda kukuzizira. Buku la Mazda limaletsa kutsegula kapena kutseka denga kukazizira pansi pa madigiri 5, ndipo pa pulasitiki yakale ife timati dikirani dzuwa liwombe kaye kapena hita iyende mphindi 10. Popinda thandizani ndi dzanja kuti likhote mozungulira pakati osapanga ngodya, ndipo muikepo thaulo lofewa. Musalipukute louma lili ndi fumbi, thirani madzi kaye.

Denga lonyowa ndi mame musalipinde n'kulisiya, limachita chuku ndipo mabala ake sachoka. Potsuka gwiritsani madzi ozizira, burashi yofewa ndi shampu ya galimoto. Sopo waufa wochapira zovala ndi jiki zimachotsa mankhwala oletsa madzi ndi kufooketsa ulusi. Anyamata a pa car wash auzeni kuti mfuti ya madzi isayandikire misoko ndi mphira. Denga la nsalu yeniyeni, likauma bwino, lipakeni mankhwala oletsa madzi kamodzi pa chaka mu Okutobala. La pulasitiki limafuna mankhwala oteteza ku dzuwa. Mphira zonse muzizipukuta ndi kansalu konyowa n'kupaka silikoni kapena gilisalini miyezi itatu iliyonse. Girisi, oyilo wa injini ndi mafuta odzola a petroleum jelly zimatupitsa mphira n'kuiwononga. Lona wa pulasitiki wofunditsa galimoto usiku amatsekera chinyezi mkati ndipo mphepo ikamamukupiza amakanda. Bola kashedi ka malata.

Ichi n'cha a coupe omwe: pa mitundu yambiri magalasi a zitseko zopanda felemu amatsika pang'ono okha mukatsegula chitseko, n'kukweranso mukatseka. Batire likafa satsika, ndipo mukamenyetsa chitseko galasi limagunda mphira kapena kusweka. Batire labwino, galimoto itagona usiku wonse, limaonetsa mavoti 12.6, likaonetsa 12.2 lili pa theka. Injini ikulira mita iwerenge pakati pa 13.8 ndi 14.4.

Funso: Galimoto yanga yabwera ndi matayala olembedwa Studless, okhala ndi chithunzi cha phiri. Wina wandiuza kuti ndi a nyengo yozizira. Ndiye kuti ndi oyenera kuno?
*Dalaivala, Tsangano*

Yankho: Achotseni, achimwene. Amenewo ndi a chipale chofewa ndi madzi oundana. Mphira yake ndi yofewa kuti igwire kukazizira pansi pa madigiri 7, pamene phula la kwathu masana limatentha ngakhale mu Julayi. Amatha msanga, galimoto imayandama pokhota, ndipo pa phula lonyowa mabuleki amatalika. Pa galimoto yokoka ndi matayala akumbuyo, monga 86 ndi Roadster, zimenezo zimatembenuza galimoto pakona. Gulani wamba anayi a mtundu umodzi, ndipo muone manambala anayi a m'mbali: 2321 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2021. Opyola zaka 6 asiyeni ngakhale mizere ikuoneka yakuya. Mpweya muziyeza m'mawa, chifukwa umatsika pafupifupi 0.1 bar pa madigiri 10 aliwonse amene kwazizira.

Matayala amenewo akukuuzaninso kuti galimotoyo iyenera kuti inkayenda kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, kumene amathira mchere m'misewu. Ikwezeni pa dzenje la galaja muone pansi pake. Amene simunagule, pa pepala la okushoni ya ku Japan, lofotokoza mmene galimoto ilili, chilembo S ndi dzimbiri, C ndi dzimbiri lodya chitsulo.

Funso: Mwana wanga ali pantchito ku Scotland ndipo akufuna kugula convertible yoti azikayendera chaka chonse. Ine ndikuopa chipale chofewa. Ndimuuze chiyani?
*Bambo wopuma pantchito, Ntcheu*

Yankho: Bambo, kumeneko ndiye nkhani ya kuzizira ili ndi mano, komabe anthu a ku Britain amagula ma convertible ambiri ndipo amayenda nawo m'nyengo yozizira. Madenga ansalu a masiku ano ali ndi zigawo zitatu, nsalu kunja, mphira pakati ndi nsalu ina mkati, ndipo ena amawonjezera chofunditsa. Muuzeni asankhe ya galasi lenileni kumbuyo lokhala ndi timawaya totenthetsa, mipando yotenthetsa, ndi denga lokhala ndi nsalu ya mkati. Pa mitundu ina, monga Roadster zakale ndi Honda S2000, pamagulitsidwa denga lolimba lochita kuvala m'nyengo yozizira n'kuvula ikatha. Limafuna anthu awiri ponyamula ndi malo osungira.

Chipale chikagwa usiku achichotse ndi burashi yofewa chisanaunjikane, chifukwa chonyowa chimalemera n'kukoka nsalu pa mafelemu. Chopalira madzi oundana ndi cha pagalasi pokha, pansalu chimadula. Asathire madzi otentha pagalasi loundana, limasweka. Magalasi a zitseko amamatirira ku mphira usiku, ndiye silikoni ija kumeneko ndi yofunika kwambiri. Galasi likakana kutsika asakakamize batani, kamota kapena chingwe chake chimaduka. Denga asalitsegule litaundana.

Chimene chimasunga moyo wake pamsewu woterera ndi matayala. Coupe ndi convertible zambiri zimakoka ndi akumbuyo, ndipo pa matayala a nyengo yotentha zonse ziwiri zimalephera ngakhale kachitunda kakang'ono. Kumeneko matayala a chithunzi cha phiri aja ndi pamalo pake: anayi onse, kuyambira Novembala mpaka Malichi. Ngati akukhala kumapiri, aganizire yokoka ndi matayala akutsogolo monga Mini, kapena onse anayi monga Audi TT quattro, imene imapezeka ya coupe ndi ya convertible yomwe. Convertible ikatsekedwa kumbuyo sikuoneka bwino chifukwa galasi ndi laling'ono ndipo nsalu ya m'mbali ndi yotakata, ndipo mu Disembala ku Scotland kumada isanakwane 4 koloko madzulo. Ngati adzaimika mumsewu usiku uliwonse, coupe idzamuvuta pang'ono.

Iliyonse imene angasankhe, mchere wa m'misewu ndiwo udzaidya. Azitsuka pansi pake milungu iwiri iliyonse m'nyengo yozizira. Asanagule yakale awerenge mbiri yake ya MOT, kuyeza galimoto kwa chaka ndi chaka kumeneko, imene imapezeka pa intaneti polemba nambala ya galimoto, aone ngati oyeza anatchulapo dzimbiri. Pa Mazda MX-5, lomwe ndi dzina la Roadster kumeneko, agwade ayang'ane zitsulo za m'munsi mwa zitseko pafupi ndi matayala akumbuyo, adine ndi chala. Penti yotupa pamenepo ndiye kuti timipaipi ta madzi tinatsekeka kalekale ndipo chitsulo chadyeka kuchokera mkati.